Za pikiapu ukufuna kugulayo

Mnzanga,

Kalata yako yandipeza Lachiwiri ndipo ndaiwerenga katatu. Masamba awiri onse wadzaza za galimoto, za thanzi lako mzere umodzi wokha. Komabe poti wafunsa, ndikuyankha.

Ukuti mtima uli pawiri pakati pa Ford F-150 ya injini ya V8 (ya masilinda asanu ndi atatu) ya malita 5.0 ndi ya injini ya EcoBoost ya malita 3.5 ya ma turbo awiri, zipangizo zokankhira mpweya mu injini. Mphamvu ya EcoBoost sindikuikana. Za 2021 zonse zili ndi 400 horsepower, koma torque, mphamvu yokokera katundu, ya V8 ndi 556 Nm pomwe ya EcoBoost ndi 678, ndipo imafika injini isanayambe n'kulira komwe. Kumapiri ukukhalako turbo ingakuthandizedi. Mpweya ukapepuka, injini yokoka mpweya payokha imataya pafupifupi 3 peresenti ya mphamvu pa mamita 300 aliwonse amene wakwera, pomwe turbo imaukankhira mkati mokakamiza.

Koma chikundisowetsa tulo ndiwe. Turbo imazungulira maulendo opitirira 100,000 pa mphindi, ikukankhidwa ndi utsi wotentha, ndipo moyo wake wonse uli mu oyilo. Ndiye iwe, amene unayendetsa galimoto ya amalume ako mpaka oyilo kuda bii ngati phula? Mpaka lero akamaikumbuka amagwira kukamwa. Ndikukuona kale utaima pachitunda usiku, ngolo ili kumbuyo, utsi uli tolotolo, wokuthandiza palibe, ine ndili kutali kuno. Dzulo ndadzuka pakati pa usiku ndi maganizo amenewa.

Za mafuta usanamizike. Turbo imapulumutsa mafuta galimoto ikakhala yopanda katundu. Ukamangirira ngolo tsiku ndi tsiku monga ukuneneramo, imamwa petulo mofanana ndi V8, mwinanso kuposa. Nanga phindu lili pati?

Ukunena kuti makampani onse akusiya V8. Inde, Toyota inachotsa V8 ya malita 5.7 mu pikiapu yake ya Tundra ya 2022 n'kuika V6 ya ma turbo awiri, koma mu 2024 inaitanitsa magalimoto pafupifupi 102,000 chifukwa cha tizitsulo totsalira mu injini popanga. Kampani ya Ram nayo inachotsa V8 yake ya Hemi ya malita 5.7 mu galimoto za 2025, ogula atadandaula inaibwezera mu za 2026. Tenga V8, mnzanga. Zida zoti ziwonongeke ndi zochepa, ndipo imapirira mwini wake akachedwa nayo pang'ono.

Mlongo wako wachira, mwana wamkazi, onse ali bwino. Alamu ako sanabwezebe jeke yanga ija, mwezi wachitatu uno, ndipo tikakumana amangoyang'ana kumbali.

Chichokereni iwe ndilibe wokangana naye za injini. Loweruka masana kumangoti zii. Ndinkafunanso ndikuuze za V8 ya malita 7.3 imene Ford inatulutsa mu 2020, chifukwa ngati ngolo yakoyo ndi yolemera monga ndikuganizira, koma pepala latha apa, ndi