Kalata kwa Tiyamike

Wokondedwa Tiyamike,

Phukusi lako lafika, koma ndisanathokoze ndidandaule kaye. Ine unandilembera mizere inayi yokha, Dalitso n'kumutumizira mabuku awiri athunthu. Mnzako ndi ndani kodi, ine kapena iyeyo? Pano m'nyumba muno tulo tasowa. Usiku umangomva munthu akuseka yekha kuchipinda, ndikamukuwira kuti azimitse magetsi amati, "Tsamba limodzi lokha, amayi."

Iye ali kusukulu ndinatenga loyambalo, la Jeff Kinney lija lotchedwa Diary of a Wimpy Kid, n'kuliwerenga lonse. Linatuluka mu 2007, ndiye kuti ana amene analiwerenga poyamba pano ndi akuluakulu. Zilembo zake zili ngati zolemba pamanja m'kope la mizere, ndipo pafupifupi tsamba lililonse pali kachithunzi: mitu yozungulira, timiyendo towonda, titsitsi towerengeka. Mnyamata amene akulemba nkhani yake m'kopemo, Greg, ali pasukulu ya ku America imene ana a zaka 11 mpaka 14 amaphunzirako asanapite ku sekondale. Msinkhu wovuta umenewo, mnzanga. Ena ndevu zayamba kumera, ena akadali tiana, koma onse akukankhana m'khonde limodzi, aliyense akuyang'ana kuti anzake akumuona bwanji.

Chimene chandigwira mtima n'chakuti Greg sanena zoona zonse. M'mawu amadzitama kuti ndi bwenzi labwino, koma kachithunzi kali m'munsimo kakuonetsa mnzake Rowley akuvutika chifukwa cha iyeyo. Mwana amaseka chifukwa waona yekha chimene wolembayo amafuna kubisa, popanda wamkulu womulozera. Ndinamufunsa Dalitso ngati Greg ndi munthu wabwino. Anakhala chete kaye, kenako anati, "Ayi, koma ndimamumvetsa."

Nkhawa yanga inayambira pamenepo. Dalitso wayamba kulemba kope lakelake, ndipo dzulo analisiya chotsegula patebulo. Wajambula anzake a m'kalasi atandandalika pamzere, kuyambira wotchuka kwambiri mpaka amene palibe womulabadira. Iye wadziika pafupi ndi kumapeto, kamunthu ka makutu aakulu, kataberekera chikwama chachikulu kuposa iko komwe. Yamikani, yemwe uja ankangokhalira kuno, ali kutsogolo kwenikweni pakati pa ena, atatembenukira kwina. Ndipo n'zoona, chiyambireni teremu ino Yamikani sanapondeko pano.

Kodi anayambana? Nthawi yopuma mwana wanga amakhala ndi ndani? Makutu aja anawakulitsa yekha pofuna kuseketsa, kapena pali amene amamunena? Usiku wonse ndinali kumangotembenuka. M'bukumo muli nkhani ya chidutswa cha tchizi chimene chinakhalitsa pabwalo la masewera, ndipo mwana amene wachikhudza anzake onse amamuthawa. Dalitso amafa nazo chiseko. Ine ndinakumbukira Esnala. Ukukumbukira mmene ana ankamuthawira chifukwa cha mphekesera chabe, mpaka ankakhala yekhayekha pabenchi ya anthu atatu? Palibe amene anamumenyapo, choncho aphunzitsi sanaone vuto lililonse. Chaka chisanathe anachoka.

Bambo ake akuti ndimusiye mwanayo, ati amene akutha kujambula mavuto ake moseketsa ndiye kuti sanagonje. Mwina akunena zoona. Ndimaonanso kuti mabukuwa amuthandiza kudziwa kuti si iye yekha amene amaopa kusekedwa, ndipo mwana amene ankadana ndi kuwerenga pano akufunsa ngati lachitatu lilipo. Pa zimenezo zikomo, ndanena tsopano, usadzati sindinathokoze.

Memory wabereka mwana wamkazi, onse ali bwino. Amalume ake a Chifundo anatuluka m'chipatala sabata yatha. Koma zolembera zanga zakuda zonse zatha m'nyumba muno, wojambula wako uja anazitenga, n'chifukwa chake ukuona inki yofiirayi. Ulendo wina uikemo zolembera, ndi kalata ya masamba awiri, osati timizere tako tija.

Undiyankhe msanga pa za Yamikani, iwe amayi ake umawadziwa bwino kuposa ine. Ndimaganiza zowaimbira, kapena kukaonana ndi aphunzitsi, koma Dalitso akadzamva kuti ndinaona kope lija sadzalisiyanso patebulo, ndiye ine ndidzadziwira kuti ngati zinthu zita...

Pepala latha.

Ndine,
Chisomo