Lipoti la msonkhano wa Turbo Expo ku London

Wapampando ndi mamembala nonse, zikomo kwambiri pondituma ku msonkhano wa Turbo Expo, wokonzedwa ndi bungwe la mainjiniya la ku America la ASME, womwe unachitikira ku London mu Juni 2024. Nkhani zinalipo zochuluka, za injini za ndege, za magetsi, za hydrogen, koma ine ndinakhalira m'magawo a makompresa, makina opanikiza mpweya mu injini, monga tinapanganirana.

Vuto lomwe akatswiri akulimbana nalo si lachilendo. Kompresa imakankhira mpweya komwe kuli kale wina wopanikizika, ngati munthu wokankha njinga ya makala pachitunda: akangofooka pang'ono, katundu amamubwerera. Mpweya wolowa ukachepa, umaleka kutsata msana wa mabuledi (timapiko tozungulira m'kati mwa kompresa), ndiye kumabadwa timagulu ta mpweya wosokonekera tozungulira pang'onopang'ono kusiyana ndi mabulediwo. Imeneyo ndiye stall. Zikapitirira, mpweya wonse umabwerera chakutsogolo, injini n'kuphulika phokoso, mwina moto n'kuzima. Kumeneko amati surge.

Chomwe chinandigwira mtima ndi kampata kapakati pa nsonga ya buledi ndi khoma la kompresa. N'kochepetsetsa, koma mpweya umathawirapo kuchoka kumbali yopanikizika, n'kupanga kamvuluvulu kotseka njira, ndipo kawirikawiri stall imayambira pomwepo. Ena akusema timizere pakhomapo kuti kompresa ipirire, ngakhale nthawi zambiri zimadyako mphamvu. Injini za masiku ano zakulitsa vutoli. Injini ya ndege ya GE9X imapanikiza mpweya pafupifupi ka 60, choncho mabuledi akumapeto ndi aafupi kwambiri, ndipo kampata komweko kamasanduka gawo lalikulu la kutalika kwawo.

Za hydrogen sindikambapo zambiri. N'zofunika ndithu, koma kwa ife n'zam'tsogolo.

Kwathu kulibe labotale yonga Whittle ya ku Cambridge, koma chimenecho chisatimange manja. NASA inatulutsa poyera miyezo ya Rotor 37, kompresa yoyeserera yomwe inapangidwa ku Cleveland, ku America, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Ili ndi mabuledi 36, imazungulira kopitirira 17,000 pa mphindi, ndipo imapanikiza mpweya kawiri ndi pang'ono. Mpaka lero anthu amayesera pamenepo mapulogalamu awo a CFD, owerengera pakompyuta kayendedwe ka mpweya ndi madzi. Mapulogalamu otere monga OpenFOAM ndi SU2 ndi aulere. Wophunzira amene waidziwa bwino ntchito imeneyi sangavutike kumvetsa momwe madzi amayendera m'matebaini opangira magetsi a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, komwe mchenga ndi matope a mu Shire amadya zitsulo. Madzi sapanikizika ngati mpweya, inde, koma masamu ake ndi apachibale.

Pempho langa n'lakuti tisankhe ophunzira awiri kapena atatu ayambe ndi Rotor 37, ayerekeze zomwe apeze ndi za NASA. Pafunika kompyuta yamphamvu ndi munthu wowayang'anira. Ine ndadzipereka kuwayang'anira. Za kompyutazo ndikupempha komiti ya zachuma idzatiyankhe pamsonkhano ukubwerawu.