Kalata kwa mdzukulu wanga itatha Khirisimasi

Mufakose, Harare
4 Januwale

Wokondedwa mdzukulu wanga,

Ndikhulupirira kuti munayenda bwino ndipo munakafika ku Blantyre muli amoyo, ngakhale kuti ulendo wodzera ku Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete mpaka kukatulukira ku Mwanza ndi wautali kwa mwana wa msinkhu wako. Ife kuno tili bwino ndipo mvula ikugwa mokwanira. Uthenga wako wothokoza chifukwa cha nsapato za kusukulu zija ndinaumva pa foni ya azakhali ako, ndipo ndaona kuti ndikuyankhe ndi kalata kuti udzathe kuiwerenganso ukadzakula. Pamene mawu akukuvuta, uwapemphe amayi ako akuthandize.

Pali chinthu chimodzi chimene ndinachiona pa tsiku la Khirisimasi, iwe osadziwa kuti ndikukuyang'ana. Titatha kudya mpunga ndi nkhuku, anzako onse anathamangira panja kukalimbirana masuku amene amalume ako anagula ku Mbare Musika, koma iwe unatola mbale yako, n'kupita kukhitchini kumene azakhali ako anali atakhala pa mpando, miyendo itatupa chifukwa choima pamoto kuyambira m'mamawa, ndipo unagwada n'kunena kuti, "Zikomo azakhali, takhuta." Palibe amene anakutuma. Zimenezi zinandisangalatsa kuposa ndakatulo imene unalakatula kutchalitchi, ngakhale kuti nayonso unailakatula bwino.

Ufunse amayi ako akutsegulire Luka chaputala 17, kuyambira ndime 11. Pamenepo pali nkhani ya anthu khumi odwala khate amene anaima chapatali n'kufuulira Yesu kuti awachitire chifundo. Iye anawauza kuti apite akadzionetse kwa ansembe, ndipo ali m'njira onse khumi anachira. Koma amene anabwerera kudzagwa pa mapazi a Yesu ndi kuthokoza anali mmodzi yekha, ndipo anali Msamariya, mlendo amene Ayuda sankamuwerengera. Yesu anafunsa kuti asanu ndi anayi enawo ali kuti. Ine sindikhulupirira kuti anthu amenewo anali oipa mtima. Anakondwa ndithu, mwinanso anathamangira kwawo kukakumbatira ana awo amene anali atatalikirana nawo nthawi yaitali, koma chimwemwe cha mphatso chinawaiwalitsa mwini mphatsoyo. Izi n'zimene zimatichitikira ambiri pa Khirisimasi, ngakhale akuluakulu amene, pamene timatanganidwa ndi zovala zatsopano ndi zakudya mpaka kuiwala Mwana amene tikukondwerera kubadwa kwake.

Kubwerera kukathokoza ndi mwambo umene banja lathu linabwera nawo kutali. Atate anga, amene ndi agogo a amayi ako, anachokera ku Nyasaland pa nthawi imene mzinda uno unkatchedwa Salisbury, dzina limene linasinthidwa mu 1982. Anthu ambiri akwathu ankabwera kuno kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'nyumba za azungu, ena mwa iwo akuyenda pansi, ndipo ambiri anatchona. Mu 1912 amishoni a kwathu anatumiza mbusa Vlok kuti adzasamalire Akhristu amenewa, ndipo mpingo umene unakula kuchokera pamenepo unadzakhala sinodi yakeyake ya CCAP mu 1965. Buku Lopatulika limene unaliona pa tebulo langa, la chikuto chothothoka lija, ndi lomasulira limene linatuluka koyamba mu 1922. Atate ankalandira malipiro ochepa kwambiri, komabe mwezi ukatha ankayamba apatula chopereka asanagule ngakhale mchere, ndipo madzulo ankatisonkhanitsa kuti aliyense atchule chimene Mulungu wamuchitira tsikulo. Mwana akanena kuti palibe, ankamufunsa ngati wadya, ngati wayenda ndi miyendo yake, ndiponso ngati amayi ake ali moyo.

Ndinamva ukuuza msuweni wako kuti chaka chino wakula, poti mutu wako tsopano ukufika pa chogwirira cha chitseko. N'zoona, wataliko. Koma Luka 2:52 amati Yesu ankakula m'nzeru, mumsinkhu, ndiponso m'chisomo pamaso pa Mulungu ndi pa anthu, ndipo kukula kwachitatuku sikuyezedwa pa chitseko. Kumafanana ndi chimanga chimene tinadzala kuseri kwa nyumba mu Novembala. Unkapita m'mawa uliwonse kukachiyang'ana n'kudandaula kuti sichikusuntha, koma lero chafika m'mawondo popanda wina amene anachiona chikutalika. Yesu mwini anaphunzitsa zotere pa Marko chaputala 4, kuti mbewu imamera ndi kukula wofesayo osadziwa umo zichitikira, poyamba mmera, kenako ngala, pomaliza maso okhwima. Choncho usadzatope ukaona kuti wapemphera koma mawa lake wakwiyiranso mlongo wako. Udzapepese, udzapempherenso.

Ndikudziwanso kuti unkayembekezera njinga, ndipo nkhope yako inagwa pang'ono utaona kuti m'phukusi muli nsapato. Sindikukudzudzula, chifukwa kukhumudwa si tchimo, ndipo Mulungu safuna kuti tizimunamiza kuti takondwa pamene mtima ukuwawa. Paulo analembera Akhristu a ku Tesalonika kuti aziyamika m'zonse, ndipo iye mwini anali munthu amene anamenyedwa ndi kutsekeredwa m'ndende chifukwa cha Uthenga Wabwino, moti sankalankhula ngati munthu amene zonse zimamuyendera. Ungathe kumuuza Mulungu m'pemphero limodzi lomwelo kuti njinga ukuifunabe, ndiponso kuti ukuthokoza chifukwa cha nsapato zimene abambo ako ndi ine tinasonkherana kuti usapite kusukulu ndi zong'ambika.

Tsono ndikukupempha kuti uchite zimene atate anga ankatichititsa. Usanagone, utchule pamaso pa Mulungu zimene walandira tsikulo, ndipo ngati pali munthu amene Mulungu anadzera mwa iye, kaya ndi mphunzitsi, mnzako kapena amayi ako, mawa lake upite ukamuthokoze pamaso. Ku Sande sukulu usajombe ngakhale kukugwa mvula. Ikamadzafika Pasaka undilembere kalata ndi dzanja lako, undiuze ndime imene waloweza ndiponso mmene sukulu ikuyendera.

Upereke moni kwa abambo ako, amayi ako ndi mlongo wako. Azakhali ako, amalume ako ndi amayi a mumpingo amene unawaimbira nyimbo aja akuti ndikupatse moni. Ndimakutchula dzina m'pemphero m'mawa ndi madzulo.

Ndine agogo ako okukonda.