Ana athu awerenge mbiri ya mafumu awo m'Chichewa

Akonzi,

Ndiloleni ndipemphe alembi, osindikiza mabuku ndi Unduna wa Zamaphunziro kuti atikonzere timabuku ta mbiri ya mafumu athu, tolembedwa m'Chichewa chosavuta choti mwana wa Sitandade 5 n'kuwerenga yekha popanda womumasulira. Zomwe ana ambiri amatola m'kalasi ndi mayina oloweza pokonzekera mayeso, ndipo mayeso akangotha mayinawo amauluka chifukwa sanamve nkhani yake.

Chikhalirecho nkhani zokoma zilipo. Kalonga ankalamulira ufumu wa Maravi ali ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, ndipo mpando wake sunkapita kwa mwana wake womubereka, koma kwa mwana wobadwa kwa Nyangu, mayi wa banja lachifumu la Aphiri, pomwe mkazi wake wamkulu, Mwali, ankachokera kwa Abanda. Mwana akawerenga zimenezi sadzadabwanso kuona atsibweni ake akukhala ndi mawu pa mbumba, ndipo adzamvetsa chifukwa chake chaka ndi chaka mwezi wa Ogasiti Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, pa mwambo wa Kulamba, kukapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi.

Nanga ndi ana angati a ku Ntcheu amene angalongosole za Inkosi Gomani Chikuse, amene anaphedwa ndi asilikali a atsamunda mu 1896 chifukwa chokana kugonjera? Mwana wake, Philip Gomani, anakana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland mu 1953, boma linamuchotsa pa ufumu ali wodwala, ndipo anamwalira chaka chotsatira. Bambo ndi mwana, onse awiri anakana kugwada, koma mdzukulu wathu amangodziwa Lizulu, likulu la ufumu wa a Gomani, ngati malo ogulapo mbatatesi ndi kabichi. Zimenezi zimandiwawa mumtima.

Komabe ndikupempha kuti olembawo asasandutse timabukuti nyimbo zotamanda mafumu. Mponda ndi Makanjira anali mafumu amphamvu m'mbali mwa nyanja, koma anagulitsanso anthu muukapolo, ndipo nkhondo za Angoni zinathawitsira midzi yambiri m'mapiri. Mwana auzidwe zonsezi mwaulemu ndi mosanyoza mtundu wa wina aliyense, pakuti akadzazitulukira yekha atakula adzakayikira ngakhale zoona zomwe tinamuuza.

Ntchitoyi ndi yofunika changu, chifukwa mbali yaikulu ya mbiriyi ili m'mitu ya nduna ndi agogo a m'mabwalo a mafumu, ndipo iwowa akutha. Magulu osunga chikhalidwe cha Achewa, Angoni, Ayao, Atumbuka, Alomwe ndi ena atumize achinyamata kukajambula mawu a akuluakuluwa, aphunzitsi a mbiri awayerekeze ndi zolembedwa zakale, kenako timabukuti tisindikizidwe ndi zithunzi pa mtengo woti kholo la kumudzi n'kukwanitsa.

Kholo lokhudzidwa,
Ntcheu