Lipoti la kumsonkhano wa katemera wa ana uja munanditumako

Moni nonse a mgulu, ndabwerako kumsonkhano kuja ndiye ndati ndikulembereni pompano. Nkhani inali yakuti katemera wa ana wachepetsa bwanji matenda akuluakulu obwera ndi mabakiteriya, monga chibayo, matenda oumitsa khosi ndi aja tizilombo timalowa m'magazi mwana n'kungofooka osayamwanso.

Adokotala anayamba ndi kachilombo kotchedwa Hib. Ku America katemera wake asanabwere ana pafupifupi 20,000 osakwana zaka zisanu ankadwala kwambiri chaka chilichonse, ena kumwalira, ena kuchira koma osamvanso kapena ubongo utavulala, ndiye atayamba kubaya makanda cha m'ma 1990 matendawa anatsika ndi 99 peresenti. Ku Gambia anauyamba mu 1997 ndipo pofika 2002 matenda oumitsa khosi a Hib anali atasowa. Ndinawauza kuti abwerezenso manambalawa, chifukwa tikamakambirana ndi makolo okayika timangoti "katemera ndi wabwino" basi, osatchula n'komwe matenda omwe anawo apulumukako.

Pomwe tinakhalitsa ndi pa katemera wa chibayo, PCV. Woyamba anatuluka mu 2000 ndipo ankateteza ku mitundu 7 ya kachilombo koyambitsa chibayo, mu 2010 kunabwera wa mitundu 13. Kachilomboka kamakhala m'mphuno ndi kukhosi kwa ana ngakhale asakudwala, ndiye mwana akabayidwa sakanyamulanso kwambiri, mapeto ake azigogo ndi makanda omwe sanafike pobayidwa nawonso amatetezeka, ku America matendawa anatsika mpaka kwa okalamba omwe jakisoniyo sanamuone n'komwe. Izi zandikhudza kwambiri anzanga, mayi akadumphitsa sikelo si mwana wake yekha amene wamuika pachiswe. Vuto lomwe lilipo n'lakuti mitundu ya kachilomboka ndi yoposa 90, mukathana ndi ina inzake imabwera kudzatenga malo, ngati mtundu wotchedwa 19A womwe unachuluka katemera woyamba uja atatuluka, n'chifukwa chake amamukonzabe katemerayu.

Za MenAfriVac, katemera wa matenda oumitsa khosi, anangodutsapo, anayamba mu 2010 ku Burkina Faso, Mali ndi Niger ndipo miliri ya oumitsa khosi a gulu A yatsala pang'ono kutheratu kumeneko.

Tsono apa mumvetsetse bwino. Wina anafunsa kuti ndiye mwana wobayidwa akatentha thupi tizingokhala? Ayi ndithu. Matenda a njira ya mkodzo katemerayu sawakhudza, ndipo pa matenda akuluakulu a mabakiteriya, panopa ndi amene akupezeka kwambiri mwa makanda otentha thupi. Khanda losakwana miyezi iwiri chitetezo chake chimakhala chisanakhwime, likangotentha, kukana bere, liwombo kutupa kapena pachifuwa kumalowa mkati popuma, n'kuchipatala nthawi yomweyo olo usiku. Wobayidwa kamodzi yekha nayenso sanatetezeke mokwanira, pamafunika amalize majakisoni onse.

Pempho langa n'lakuti tikakumana tigawane mabanja, tizitsegula kabuku ka kusikelo n'kuona ndi maso athu ngati mizere ya Hib ndi PCV yadzadza, osamangofunsa pakamwa kuti "munabayitsa?" chifukwa aliyense amayankha kuti eya. Ofuna mapepala omwe anatipatsa andiuze ndiwajambule nditumize pagulu pano.