Nzeru za dimba zochokera ku Cape Town tiziyamba tazisefa

Akonzi,

Ndipatseniko kadanga ndilankhuleko ndi anzanga amene tili ndi timadimba kuseri kwa nyumba muno mu Blantyre, makamaka ife amene tazolowera kutola nzeru pa Facebook ndi YouTube osafunsa kaye kuti wolankhulayo ali dziko liti.

Mlamu wanga amagwira ntchito ya m'gadeni ku Cape Town, ndiye chaka chatha anandiuza pa WhatsApp kuti alamu, wokerani mbande mu Meyi, mvula izikuthirirani yokha. Ine osaganiza, nkuwokeradi repu mabedi awiri kenako ulendo wa kumudzi kukakolola, pobwera patatha sabata ndinapeza zonse zagona, zina zauma kale. Mlamuyo sananame ayi, kumene aliko mvula imagwa nthawi yozizira, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, pomwe Disembala mpaka Febuluwale kumangokhala dzuwa ndi chimphepo. Kwathu kuno nzosemphana, mvula imayamba cha mu Novembala nkukatha Epulo. Ndipo chiperoni cha mu Juni ndi Julayi chisakupusitseni, kamvula kaja kamangonyowetsa masamba ndi zovala za pachingwe basi, takandani dothi ndi chala muone, pansi ndi fumbi lokhalokha.

Meyiyo ngwabwino ndithu kwa repu, mpiru, tchainizi, kabichi ndi anyezi poti zimakonda kuzizira, kungoti kheni musayisiye.

Chimene ndawagonjera anzathu a ku Cape Town ndi kasamalidwe ka madzi. Mu 2018 madamu awo atatsala pang'ono kuphwa munthu ankaloledwa malita 50 okha patsiku, ndiye anaphunzira mokakamizika. Bedi samalisiya pamtetete, amaliphimbira. Ife udzu wouma, mapesi ndi makoko a mtedza tili nazo mbwee koma timangozisonkha moto mu Ogasiti, utsi tolo mtauni monse, chonsecho mukayala zimenezi pabedi, kuchindikala ngati zala zitatu kapena zinayi, chinyontho chimakhalitsa ndipo udzu sumera wambiri. Musagunditse patsinde pokha, ndiwo zingaole, komanso muziyang'anamo chiswe. Kuthirira kuzikhala kummawa kapena dzuwa litapendeka, ndipo bola kuthira madzi okwanira alowe pansi kusiyana nkumangowaza pamwamba tsiku ndi tsiku, mizu imachita ulesi nkumangoyandama, likabwera dzuwa la mu Okutobala lija yapsa. Madzi otsukira mpunga ndi ndiwo ine sinditaya, koma omwe muli jiki kapena mchere ayi.

A lendi amene bwalo ndi simenti yokhayokha, thumba la fetereza limakwana, thirani dothi losakaniza ndi manyowa owolerana bwino, boolani m'mbali nkubzalamo. Zitosi za nkhuku zaziwisi zimawotcha mbewu, ziyambe zawola.

Kwinaku ndaona anthu akugula zitsamba zonunkhira za rosemary ndi lavender, zokongola inde, koma kwawo kwenikweni ndi kumayiko ngati Spain ndi Italy komwe nyengo yotentha imakhala youma. Kuno kutentha kumabwera pamodzi ndi chimvula cha Januwale, ndiye mukazibzala pakatondo podikha madzi mizu imaola. Ikani mumphika woboola pansi, dothi lake la mchenga, pakhonde pofika dzuwa. Malo otsalawo nthawi ya dzinja apatseni bonongwe, therere, chisoso ndi nkhwani, zimenezi mvula yathu zimaidziwa.

Wowerenga wanu,
Chilomoni, Blantyre