Ndalama za malaibulale zisathere pa kugula makompyuta okha

Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo kudzera m'nyuzipepala yanu pa nkhani ya ndalama zomwe boma limapereka ku malaibulale komanso ku ntchito yofikitsa intaneti kumidzi, monga momwe tikuionera ife a kuno ku Mulanje. Pempho langa kwa aphungu a Nyumba ya Malamulo, a unduna wa zachuma ndi akuluakulu a khonsolo ndi lakuti pogawa ndalamazi aziikiratu padera zoyendetsera malowa mwezi ndi mwezi, chifukwa apa ndi pomwe ntchito zambiri zabwino zakhala zikufera.

Boma lachitapo zingapo, ndipo n'koyenera kuzitchula. Bungwe la National Library Service linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1967, ndipo lakhala likutumiza mabuku m'masukulu ndi m'malo owerengera m'maboma ambiri. Lamulo la zofalitsa mauthenga la mu 2016 linabweretsa thumba la Universal Service Fund, lomwe lili m'manja mwa MACRA, bungwe loyang'anira za mafoni ndi zofalitsa mauthenga, kuti mafoni ndi intaneti zifike kumadera komwe makampani saonako phindu. Mu 2017 Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inavomereza madola 72.4 miliyoni a pulojekiti ya Digital Malawi, yomwe mwa zina inaika Wi-Fi yaulere m'malo ena osonkhana anthu ambiri. Njira zodutsira ndalama zilipo kale, koma nkhawa yanga ili pa zomwe zimatsala alendo olemekezeka akadula riboni n'kubwerera ku Lilongwe.

Ndinaphunzitsapo pa sukulu ina ya sekondale yoyendera m'boma lino, yomwe inalandira makompyuta pa mwambo waukulu wokhala ndi magule ndi malankhulidwe. Mabatire a sola atafa panalibe ndalama yogulira ena, ya bandulo panalibe amene anaiika pa bajeti, ndipo mphunzitsi yekhayo amene anapita ku maphunziro a kagwiritsidwe ntchito kake anasamutsidwa. Chipindacho chinakhomedwa ndi loko, makompyuta atafunditsidwa zitenje poopa fumbi, ndipo pang'onopang'ono chinasanduka mosungira madesiki othyoka. Chomvetsa chisoni n'chakuti m'malipoti opita ku maofesi sukuluyo inkawerengedwabe pa mndandanda wa sukulu zokhala ndi makompyuta. Kuchita chonchi kuli ngati kumugulira munthu galimoto osamuganizira za mafuta.

Mabuku nawonso amafuna ndalama yowasamalira, makamaka kuno komwe mvula ya chiperoni imanyowetsa zipupa kwa masiku ambiri, mapepala n'kumachita nkhungu, chiswe n'kumalizitsa. Namondwe wa Freddy, amene anasakaza Mulanje, Phalombe ndi Thyolo mu Malichi 2023, anaononga nyumba zophunziriramo pamodzi ndi mabuku omwe anali m'katimo. Mu Novembala chaka chomwecho mphamvu ya kwacha inachepetsedwa ndi 44 peresenti, zomwe zinakweza mtengo wa chilichonse chochokera kunja, kuyambira buku la Biology mpaka inki ya pulinta. Ndalama yoperekedwa kamodzi, popanda kuyang'ana zinthu ngati zimenezi, siingathe kusunga laibulale ili yotsegula.

Ena amanena kuti masiku ano foni yakwanira, kotero laibulale ndi chinthu chachikale. Amene amatero sanaonepo mwana wa ku Muloza kapena ku Nkando amene wakhoza MSCE akuvutika kutumiza fomu yofunsira malo ku yunivesite za boma kudzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba, kapena yofunsira ngongole ya maphunziro, pomwe kunyumba kwawo foni ndi imodzi, ya mabatani, ndipo ili m'thumba la bambo ake ku esiteti ya tiyi. Mwanayo amakwera kabaza kupita pa shopu yosindikiza mapepala pa Limbuli kapena pa Chitakale, amalipira kutaipitsa, amalipiranso kusikana satifiketi, ndipo pomaliza amasiya manambala ake achinsinsi m'manja mwa mwini shopu chifukwa iye sadziwa pomwe angadinde. Yunivesite ya MUST ili pafupi pomwepa, ku Ndata m'boma la Thyolo, ndipo yakhala ikuphunzitsa za sayansi ndi luso lamakono kuyambira mu 2014, koma ana ambiri a m'midzi yoyandikana nayo amamaliza Folomu 4 asanakhalepo kutsogolo kwa kompyuta yoyaka. Boma la Mulanje, lomwe linali ndi anthu oposa 680,000 pa kalembera wa mu 2018, silingadalire mashopu ochepa a m'misika pa ntchito yofunika chotere.

Ndikupempha kuti pa ndalama iliyonse yopita ku laibulale, gawo lodziwika bwino lizisungidwa lolipirira magetsi, bandulo, kukonza zipangizo ndi malipiro a woyang'anira wophunzitsidwa bwino, kwa zaka zingapo zotsatizana. Palibenso chifukwa chothamangira kumanga nyumba zatsopano pomwe zoni iliyonse ya maphunziro ili ndi TDC (malo osulirako aphunzitsi), yomwe ingathe kukhala ndi mashelefu a mabuku ndi makompyuta angapo ogwiritsa ntchito mudzi wonse. Malowa azitsegulidwa Loweruka ndi madzulo, popeza wothyola tiyi ndi wogulitsa nanazi m'mbali mwa msewu sangasiye ntchito m'mawa kuti akawerenge, ndipo m'mashelefumo muzipezekanso mabuku a Chichewa ndi Chilhomwe onena za ulimi, umoyo ndi malamulo a malo.

Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza zomwe akufuna kudziwa ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020. Potsatira lamuloli, khonsolo ya Mulanje izimata pa bolodi la zidziwitso ndalama zomwe laibulale iliyonse yalandira, tsiku lomwe zinafika ndi zomwe zagulidwa, kuti makomiti a sukulu ndi a chitukuko cha m'madera azitha kufananitsa zolembedwazo ndi zomwe zili m'chipindamo.

Mphunzitsi wopuma pa ntchito,
Chitakale, Mulanje